Mpweya wa Mlongo Wanga

Mlongo wanga anabwerera kuno ku Chiwanga m'mwezi wa Okutobala, mchenga ukuwotcha moti ngakhale agalu ankakana kuuponda. Anatsika shapa, minibasi ya kuno, ku Metangula ali ndi chikwama chimodzi ndi katoni yaikulu yomanga ndi zingwe. Ine ndi amuna anga tinapita kukamuchingamira ndi njinga ziwiri. Nditangomuona ndinayamba kumukalipira, poti ndi mmene ndimachitira ndikachita mantha. Ndinamufunsa ngati ku Joni chakudya chinatha, kapena ngati mnofu wake wonse anausiya kumalire ngati chiphaso. Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo anagwirira mtengo mpaka chifuwacho chinamuleka. Njira imene ana a sukulu amayenda akucheza, ife tinaima kasanu, chonsecho iye anali atangokhala pakaliyala.

Tinabadwa awiri okha. Nthawi ya nkhondo makolo athu anatiwolotsa nyanja kuthawira ku Malawi, ine ndili msinkhu wotha kubereka mwana kumbuyo, ndipo mwana amene ndinkaberekayo anali iyeyu. Kumeneko n'komwe ndinaphunzira kulemba mmene ndikulembera muno. Nkhondo itatha tinabwerera, makolo anamwalira motsatizana, ine ndinakhala mphunzitsi wa pulayimale n'kukwatiwa ndi msodzi. Mlongo wangayo sukulu sinamulowe. Chimene chinamulowa ndi injini. Ali mnyamata ankamasula injini za maboti za anthu onse a gombe lino, ndipo zambiri zinkadzukadi. Kenako anapita ku Lichinga, n'kupitirira ku Maputo, mapeto ake tinamva kuti ali ku Joni.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti mlongo wanga amagwira ntchito ya makompyuta. Ndinkanena monyada, pakamwa nditapotoza pang'ono, makamaka kwa amayi anzanga a kutchalitchi. Zoona zake ndinazimva atabwera, titakhala pakhonde. Kompyuta sanaigwirepo. Ankagwira ntchito panyumba ina yaikulu yopanda mawindo, imene iye ankaitchula kuti datasenta. Anati mkati mwake muli mizere ya makabati achitsulo odzaza makina, ndipo zonse zimene anthu amatumizirana pafoni, zithunzi, mauthenga, nyimbo, za kubanki, zimakagona m'makabati amenewo. Makinawo amatentha okha, ndiye amawaziziritsa usana ndi usiku. Anati munthu ukalowamo umavala juzi ngakhale kunja kuli chilimwe.

"Ndiye iwe unkatani m'menemo?" ndinamufunsa.

"Ine sindinkalowamo, achemwali. Ine ndinali kuseri, kwa majeradori."

Jeradori ndi mmene timatchulira jenereta kuno. Koma zimene ankanena iye sizinali ngati kajenereta ka amuna anga, kamene munthu amanyamula ndi dzanja limodzi. Anati iliyonse inali yaikulu kuposa shapa, ndipo zinali zingapo, zondandalika m'chipinda chimodzi. Ntchito yake inali yoonetsetsa kuti magetsi a boma akazima, majeneretawo adzuke nthawi yomweyo, makabati aja asadziwe n'komwe kuti kunja kwachitika kanthu. Zaka zimene ku Joni magetsi ankazimazima tsiku ndi tsiku, majeneretawo ankalira maola ambirimbiri, ndipo iye ndi anzake ankakhala m'chipindamo kuthira mafuta, kusintha zosefera, kumanga mapaipi a utsi amene ankang'aluka chifukwa cha kutentha. Anati akaweruka ankalavula malovu akuda.

Madokotala a kumeneko sanagwirizane chimodzi. Wina anati ndi utsi wa dizilo. Wina anati ndi zipsera za chifuwa chachikulu chimene anadwala kale ali ku Maputo, utsiwo unangomalizitsa. A kampani anasankha kumva dokotala wachiwiriyo, monga mmene aliyense amasankhira nsomba imene ilibe minga. Anamuthokoza chifukwa cha ntchito yake yabwino, n'kumupatsa katoni ija. M'katonimo munali makina othandiza kupuma. Amakoka mpweya wa m'chipinda, n'kuusefa, n'kuupereka kwa wodwala kudzera m'kapaipi kolowa m'mphuno. Popanda makinawo ankatha ola limodzi kapena awiri ali bwinobwino, kenako milomo inkayamba kuda, maso n'kutuluka. Makinawo ankafuna magetsi.

Apa ndiye panali nkhani. Magetsi athu amatsika phiri kuchokera ku Lichinga kudzera ku Maniamba, pamitengo imene chiswe ndi mvula zimapikisana kugwetsa. Chilimwe amayesetsa. Dzinja likafika, mtengo umodzi ukagwa, timayamba kuwerenga masiku. Mlongo wanga ndi amene anandiuza kuti magetsi ambiri a kudamu la ku Tete amawoloka malire kupita ku Joni. Ndinakwiya tsiku limenelo mpaka ndinapsereza ndiwo. Magetsi a dziko lathu akupita kukapepesera mphepo makabati, ife kuno tikuyang'ana kumwamba kuti mtambo uwu ugwetsa mtengo uti. Ndinatenga foni yanga n'kuiyang'ana ngati njoka. Iye anaseka.

"Itayeni m'nyanja, achemwali. Koma zithunzi za ubatizo wa mdzukulu wanu zikhalabe m'makabati muja, zikudya enerjiya, magetsi omwewo."

Sindinaitaye. Malipiro anga amandidziwitsa pafoni yomweyo, ndipo a kusukulu amatumiza zonse pamenepo.

Amuna anga ndi munthu wosayankhulayankhula. Amasodza usipa ndi ukonde wa chilimira, ndipo kajenereta kawo ndi kamene kamayatsa mababu okopa usipa panyanja. Kajeneretako amakasamala kuposa mmene amasamalira mano awo. Sabwereketsa munthu, ngakhale wa kutchalitchi. Koma tsiku loyamba limene magetsi anazima mlamu wawo ali pamakina, sanadikire kupemphedwa. Anakatsitsa m'boti, n'kubwera nako paphewa. Kuyambira pamenepo, magetsi akazima boti lathu silinkapita panyanja. Anzawo ankabwera ndi usipa wodzaza, iwo ali pakhomo kuthira petulo m'kajenereta. Sindinawamvepo akudandaula ngakhale kamodzi.

Awiriwa ankalemekezana mopitirira muyeso, ulemu wa pachilamu umene umatopetsa woonerera. "Alamu, mwadzuka?" "Tadzuka, alamu, kaya inu alamu." Mbale imodzi ankakankhirana mpaka chakudya kuzizira. Mlongo wanga ankadziwa kuti akudya thukuta la mwamuna mnzake, akugona m'nyumba ya mwamuna mnzake, ndipo akulepheretsa mwamuna mnzakeyo kupita kuntchito. Zinkamuwawa kwambiri. Choncho chilichonse chimene akufuna kuti alamu ake achite, ankadzera kwa ine. Amuna anga nawonso chimodzimodzi. Ine ndinali mlatho, aliyense ankaponda.

Tsiku loyamba lija amuna anga anaika kajenereta pakhonde, pafupi ndi zenera la chipinda cha wodwala. Atachoka kupita kukasamba, mlongo wanga anandiitana ndi dzanja.

"Achemwali, muwauze alamu jeradori iyi izikhala kutali, pansi pa mango paja. Fiyu wautali ali m'chikwama changa." Ankanena waya. "Utsi wa gazolina, petulo ameneyu, ndi woipa kuposa wa kuntchito kwanga. Wa dizilo umakupha pang'onopang'ono, ukuuona. Uwu uli ndi mpweya wina wosaoneka, wosanunkha. M'nyumba yotseka umangogona tulo, basi, osadzukanso. Jeradoriyi isadzalowe m'nyumba, ngakhale kugwe mvula ya miyala. Mwamva?"

Ndinati ndamva.

Ndinamvadi. Koma nditafika kwa amuna anga, mawuwo anandilemera. Ndinaona ngati ndikupita kukauza munthu wamkulu, mwini jenereta, amene wakhala nayo pambali pake m'boti zaka zonsezi, kuti saidziwa jenereta yake, ndipo kuti akufuna kupha mlamu wake ndi utsi tsiku loyamba lomwe la chifundo chake. Ndinaona ngati mlendo wayamba kulamula pakhomo. Ndinaopa kuti amuna anga angomva n'kukhala chete, kukhala chete kwawo kuja kumene kumatha sabata. Ndiye ndinachita zimene akazi a kuno timaphunzitsidwa, kuphika mawu kuti afewe asanafike kwa bambo.

"Bambo, alamu anu akuti phokoso likuwasowetsa tulo. Mwina tiziika pansi pa mango."

"Aa, pepani, sindinaganize," anatero. Ananyamula nthawi yomweyo. Anakhoma ndi kadenga ka lata lakale pamwamba pake. Ine ndinadziyamikira kuti ndine mkazi wanzeru, zonse zayenda popanda wokhumudwa.

Miyezi ya Novembala ndi Disembala inali yabwinoko. Mlongo wanga ananenepako pang'ono. Asodzi anayamba kumubweretsera injini zawo, iye atakhala pampando kapaipi kali m'mphuno, akuloza ndi chala pofunika kumasula. Masana ankakonda kumvera wailesi. Nthawi imeneyo kunkamveka nkhani zoti maiko ena akukambirana malamulo okhudza nyumba za makabati zija, kuti zizinena poyera magetsi ndi madzi amene zikudya, ndi kuti utsi wa majenereta ake uchepe. Akuti nyumbazo zikuchuluka chifukwa cha makina atsopano oyankha mafunso ngati munthu. Nkhaniyo ikayamba, ankakweza dzanja kuti tonse tikhale chete.

Ine ndinkanyoza. Ndinkati akuluakulu ovala mataye akumana kuti adye, amwe, ajambulitse. Iye sankagwirizana nane pa za lamulo, limene ankalitchula kuti leyi.

"Leyi ndi yofunika, achemwali. Ikanakhala yolimba kale, bwenzi ndili ndi mapapo. Vuto lake ndi loti papepala majeradori aja analembedwa kuti ndi a pangozi, oyaka mwa apo ndi apo. Ndiye lamulo linkawaona ngati agona. Koma ngoziyo inkachitika tsiku lililonse."

Anandiuza za anthu oyendera, amene iye ankawatchula kuti afisikali. Ankabwera tsiku lodziwika kale. Sabata imeneyo iye ndi anzake ankatsuka chilichonse, kusintha zosefera zonse, kupenta ngakhale pansi. Oyenderawo ankakwera padenga, n'kulowetsa kachida kawo m'chumuni, n'kulemba manambala. Anali anthu aulemu, ndipo ntchito imene anatumidwa ankaigwira. Koma palibe anawatuma kuti akayeze mpweya wa m'chipinda chapansi mmene munali anthu.

"Ankayeza utsi umene ukupita kwa Mulungu," anatero. "Umene unkalowa mwa ife unalibe pepala lake."

Ndinamufunsa ngati akuganiza kuti malamulo atsopanowo adzafika m'chipinda chapansicho. Anati kaya. Anati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo anthu olemba malamulowo m'mimba mwawo muli bwinobwino. Komabe wailesiyo sankaiphonya. Ndikuganiza kuti ankadikira tsiku limene wina adzatchule anthu a kuseri.

Mvula inakula mu Januwale. Pofika Febuluwale, sukulu zitangotsegulidwa, mtengo wa magetsi unagwa cha ku Maniamba, ndipo tinamva kuti msewu nawo wadukako, galimoto ya okonza singadutse. Tinatha masiku atatu tikudalira kajenereta. Amuna anga ankakazimitsa pang'ono kuti kapume, mlongo wanga n'kumapirira, kenako n'kukayatsanso. Tsiku lachinayi linali Lachitatu. Ine ndinali ndi kalasi ya masana. Ndinasiya mlongo wanga atadya phala, atamwa mankhwala ake amene ankamugonetsa tulo tofa nato. Amuna anga anali pakhomo akusoka ukonde. Kumwamba kunali kwakuda cha kumpoto, koma m'dzinja kumakhala choncho tsiku lililonse.

Mvula inayamba ndili pakati pophunzitsa. Sinali mvula yogwa kuchokera kumwamba, inkabwera cham'mbali ndi mphepo ya mpoto. Ana anathawira pakati pa kalasi chifukwa mawindo athu alibe magalasi. Denga linkalira moti ndinasiya kuyankhula. Ndinaganizako za kunyumba, koma ndinadziuza kuti bambo alipo.

Zimene zinachitika kunyumbako ndinazimva pambuyo pake kwa amuna anga eni ake, akufotokoza mosabisa kanthu poti sankadziwa kuti pali chobisa. Mphepo inachotsa kadenga ka lata kaja. Madzi anayamba kulowa m'kajenereta, kanayamba kutsokomola ngati kazima. Anakanyamula kuthamangira nako pakhonde, koma pakhondeponso mvula inkamenya mpaka kukhoma. Anaganiza kuti kakazima n'kunyowa, sikadzukanso tsiku limenelo, ndipo mlamu wawo sangafike madzulo. Ndiye anakalowetsa m'nyumba, m'chipinda chosungira maukonde. Anakumbukira mawu anga, oti alamu safuna phokoso. Anatseka chitseko cha chipindacho, n'kutsekera masaka m'munsi mwake ndi m'zenera kuti phokoso lisatuluke. Anatseka mawindo onse a nyumba chifukwa cha mvula. Anasuzumira wodwala, n'kuona kuti ali m'tulo, makina akuyenda. Kenako anamva anthu akukuwa kugombe kuti mafunde akumenyanitsa maboti, n'kuthamangira kumeneko, atakoka chitseko chakunja kuti chitsekeke bwino.

Nyumba yathu ilibe siling'i. Makoma a zipinda amalekera m'njira, pamwamba ponse m'pamodzi. Amuna anga utsi wa kajenereta kameneko akhala akuupuma zaka zambiri ali panyanja, pamene mphepo imaunyamula usanafike pamphuno. Sunawapwetekepo mutu n'komwe.

Ndinaweruka mvula itayamba kukata, cha m'ma folo koloko. Ndikuyandikira pakhomo ndinaona pansi pa mango palibe kanthu, lata lili uko m'chinangwa. Koma kajenereta ndinkakamva, kakulira chapansipansi ngati kali m'chitsime. Ndinaima pabwalo. Kenako ndinathamangira kuchitseko.

Nditatsegula chitseko, mpweya wotentha unandimenya kumaso. Ndinathamangira kuchipinda cha maukonde, n'kukankha chitseko, n'kuzimitsa. Pakona pa chipindacho panali nkhuku yathu imene inkafungatira mazira m'dengu. Inali itagwetsa khosi kunja kwa dengulo. Mutu wanga unayamba kuzungulira. Ndinatsegula mawindo onse, ena ndinachita kuwamenya ndi chigongono, kenako ndinalowa kwa mlongo wanga.

Anali chigonere mmene ndinamusiyira, dzanja limodzi pansi pa tsaya, kapaipi kali m'mphuno. Nkhope yake inali yosalala. Milomo imene inkada miyezi yonseyi inali yofiirira, ngati ya munthu amene wachira. Ndinamugwedeza. Ndinamutchula dzina lake la paubwana limene ankadana nalo, kuti mwina akwiye adzuke. Ndinamukokera pansi n'kumukhwekhwereza mpaka pakhonde. Munthu amene ndinkamubereka kumbuyo tikuthawa nkhondo, tsiku limenelo ndinamukoka miyendo ngati thumba la chinangwa.

Ndisanakuwe ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinabwerera m'nyumba, ndinachotsa masaka aja, ndinatenga nkhuku yakufayo n'kuibisa m'chitenje, n'kukaiponya m'chimbudzi. Mlongo wanga ali gone pakhonde, ine ndinali kubisa nkhuku. Nditamaliza m'pamene ndinakuwa.

Anthu anabwera. Palibe anadabwa. Onse ankadziwa kuti ndi wodwala mapapo, ena ankanong'onezana kuyambira tsiku limene anafika kuti wabwerera kudzafera kwawo. Namwino amene anabwera kudzaona mtembo anapeza mawindo ali otsegula, nyumba itapita mphepo, ndipo analemba za matenda ake akale. Amuna anga anafika akuthamanga, ali chinyowere. Anagwada pambali pa mlamu wawo n'kulira mokweza, ine ndisanawamvepo akulira chikwatiranireni.

Pamaliro, atsogoleri a mpingo atamaliza mapemphero, anthu ankabwera kudzawagwira dzanja amuna anga n'kumawayamikira. Ankati alamu otere ndi osowa, munthu wosiya usipa panyanja chifukwa cha m'bale wa mkazi wake. Iwo ankayankha mawu amodzimodzi kwa aliyense.

"Ndinayesetsa. Makina sanazime ngakhale pang'ono. Mpaka mapeto anali ndi mpweya wake."

Ndinawamva akunena zimenezo mwina kakhumi. Ndinali nditakhala pamphasa pakati pa amayi, nsalu ili kumutu, ndipo nthawi iliyonse akanena ndinkaluma nsaluyo. Amayi anzanga ankandisisita pamsana poganiza kuti ndi chisoni chokha.

Ndinakhala nazo ndekha milungu isanu ndi umodzi. Ndinkadana ndi aliyense. Ndinkadana ndi kampani ija ndi makabati ake ozizira. Ndinkadana ndi oyendera aja okwera padenga, ndi olemba malamulo amene anachedwa, ndi mtengo wa ku Maniamba, ndi foni yanga. Onsewo anali ndi mbali yawo, ndipo sindinawakhululukire mpaka pano. Akanapanda kumudya mapapo, sakanafuna makina. Magetsi akanakhala okhazikika, sitikanafuna jenereta. Koma ndikawerenga onsewo, mzerewo unkathera pa ine. Munthu yekhayo pagombe lonse lino amene ankadziwa za mpweya umenewo anandiuza momveka bwino, m'chinenero changa, n'kundifunsa ngati ndamva. Ine ndinautenga uthengawo n'kuuchotsa fupa.

Wailesi ndinaiika m'kabati. Tsiku lina mphunzitsi mnzanga anayamba kundiuza kuti wamva zoti dziko lina lakhwimitsa malamulo a nyumba za makompyuta zija, poganiza kuti ndisangalala. Ndinamuyankha mwamwano mpaka anandisiya. Amuna anga ankaona kuti sindikudya, n'kumandibweretsera nsomba zabwino zimene akanagulitsa. Ankati, "Mayi, limbani mtima, tinachita mbali yathu." Ndinatsimikiza kuti ndidzafa nacho chinsinsicho. Ndinkati wakufa wafa kale, kuuza wamoyo n'kupha anthu awiri.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina m'mawa kunafika msuweni wa amuna anga wochokera ku Lunho. Bambo ake okalamba anali atatuluka m'chipatala ali ndi vuto la kupuma, ndipo anamva kuti kwathu kuli makina amene akungokhala. Kumudzi kwawoko magetsi sanafike. Amuna anga sanaganize kawiri. Anati makinawo atenge, ndi kajenereta komwe, iwo adzabwereka mabatire kwa anzawo kuti azisodzera. Anati amuperekeza paboti tsiku lomwelo kuti akamusonyeze kayatsidwe kake.

Ine ndinali pakhomo la khitchini ndikupala nsomba. Ndinkamva zonse.

"Chovuta chake ndi barulyu basi," amuna anga ankamuuza msuweniyo, kunena phokoso. "Odwala safuna phokoso. Kukakhala kouma muziika panja patali. Koma mvula ikabwera musavutike, ingolowetsani m'chipinda china, mutseke chitseko, mutsekere masaka pansi. Sizimveka n'komwe. Ine ndinachita choncho kwa alamu, anagona bwinobwino."

Mpeni unandicheka chala, koma sindinamve kuwawa. Ndinafunsa msuweniyo kuti m'nyumba ya bambo akewo mumagona anthu angati. Anati asanu ndi awiri, kuphatikizapo ana. Ndinasamba m'manja. Ndinati, "Bambo, tabwerani kuseri kuno pang'ono."

Tinaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala loyanikapo usipa. Sindinaphike mawu tsiku limenelo. Ndinawauza zimene mlongo wanga ananena, liwu ndi liwu, mmene ananenera. Ndinawauza za mpweya wosaoneka. Ndinawauza za makoma osafika kudenga, za masaka, za milomo yofiirira. Ndinawauza kumene kunapita nkhuku imene anaifunafuna masiku atatu n'kumanamizira agalu a eni ake.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anagwira mtengo wa thandala, n'kukhala pansi pamchenga wonyowa pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti andimenya, ngakhale sanayambe andimenyapo, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Ndiye kuti ndine," anatero.

"Ayi, bambo. Ndine."

"Ndinanyamula ndine. Ndinatseka ndine." Kenako anakweza maso, ndipo munalibe mkwiyo m'menemo, ankangofuna kumvetsa. "Mayi, ine ndikanakana? Mukanati utsi umapha, ine ndikanakana?"

Sakanakana. Ndinadziwa pamenepo, ndipo ndikuganiza kuti ndinkadziwa ngakhale tsiku loyamba lija. Munthu amene ananyamula jenereta nthawi yomweyo chifukwa cha tulo ta mlamu wake, akanaigoneka kutsidya kwa msewu chifukwa cha moyo wake. Ulemu umene ndinkauteteza sanaupemphe ndi iwo.

Anadzuka, n'kusasa mchenga pathalauza, n'kubwerera kwa mlendo. Ndinawamva akumuuza ndi mawu osanjenjemera kuti aiwale zonse zimene anena poyamba, jenereta isadzalowe m'nyumba ngakhale kugwe mvula yotani, ikanyowa inyowe, ikafa ife. Msuweniyo anafunsa kuti nanga bwanji asintha mawu. Amuna anga anati, "Chifukwa ndi mmene ndinaphera alamu anga." Dzina langa sanalitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Anapita ku Lunho masana omwewo, n'kukamanga okha kanyumba ka njerwa kosungiramo jenereta, kutali ndi nyumba ya odwala. Anakhalako masiku anayi. Atabwerera anandipatsa moni mwaulemu, monga amachitira mpaka lero. Timadya limodzi, timapita kutchalitchi limodzi. Koma ndikawauza kanthu, kaya kuti mwana waimba foni ali bwino, kaya kuti mutu wanga wasiya kupweteka, amandiyang'ana kaye pang'ono, kenako amafunsa mofatsa kuti, "Ndi mmene zililidi, mayi, kapena mwandifewetsera?"